Zoyenera Kuchita Mnansi Akalowerera Malire a Malo Anu

Mkangano wa malire kawirikawiri umayamba ndi mzere umodzi umene mnansi walima modutsa nkhadze kapena khonje amene makolo anadzala, ndipo mwini munda akakhala chete chaka choyamba poopa kudana, chaka chotsatira mizereyo imakhala itatu. Choncho musadikire. Pitani mukalankhule naye mwaulemu nyengo yolima isanafike, mutatengana ndi achikulire amene analipo pamene malowo ankagawidwa, chifukwa iwo ndiwo amakumbukira chulu, mtengo kapena ngalande imene inali chizindikiro.

Mukalephera kumvana, njira yotsatira imadalira mtundu wa malowo. Ngati ndi malo a makolo, kadandauleni kwa nyakwawa, ndipo zikakanika nkhaniyo ipite kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikulu. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linakhazikitsanso mabwalo oweruza mikangano yotereyi, kuyambira m'dera la mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira ndi chigamulo angathe kuchita apilo ku bwalo la paboma. Pemphani kuti chigamulo chilembedwe ndi kusainidwa, pakuti mboni zimakalamba ndi kumwalira. Ngati malowo ali ndi chikalata cha umwini kapena lizi, funani saveya (woyeza malo) wovomerezeka kuti apeze mabikoni, zizindikiro zozikidwa m'malire, molingana ndi mapu. Musazule kapena kusuntha bikoni, ngakhale mukukhulupirira kuti ili pamalo olakwika, chifukwa kutero ndi mlandu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nkhani ya nthawi, imene eni malo ambiri saidziwa. Pa malo olembetsedwa, lamulo la Registered Land Act limalola munthu amene wakhala pamalo a wina kwa zaka 12 zosadukiza, poyera, mwamtendere, komanso popanda chilolezo cha mwini, kupempha kuti malowo alembedwe m'dzina lake. Izi zimagwera makamaka anthu amene anagula poloti n'kupita kukagwira ntchito kutali, monga ku Johannesburg, osabwerako kudzaona ngati mpanda wa mnansi unaima pamene unayenera kuima.

Mawu ofunika kuwagwiritsitsa m'lamuloli ndi akuti popanda chilolezo. Munthu amene munamubwereka malo kapena amene amalipira lendi sangawerengere zaka zimenezo, koma muyenera kukhala ndi umboni wakuti munamulola. Lembani pangano lachidule lotchula malowo, tsiku ndi nthawi yobweza, ndipo nonse musaine pamaso pa mboni ziwiri, ngakhale wobwerekayo atakhala mlamu wanu.

Ngati mnansi walowerera kale ndipo akukana kuchoka, jambulani zithunzi, mulembereni kalata n'kusunga ina yofanana nayo, koma musadalire kalata yokha kuti iimitsa zaka zija. Kasumeni kukhoti nthawi isanathe. Musagwetse mpanda wake kapena kuzula mbewu zake, chifukwa wolakwiridwa amasanduka woimbidwa mlandu. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku ofesi ya Legal Aid Bureau atanyamula chikalata, mapu ndi mayina a mboni.