Musanagule kobili la Aroma, gulani kaye sikelo

Mnzanga wina waku Ndirande anabwera ndi kakobili koyera, ati wagula kwa munthu wina pa Limbe ndipo ndi ka nthawi ya Yesu. Ndinakaika pa sikelo, magalamu 6. Ndinangoti pepa aise, akupusitsa basi.

Ndiye chinthu choyamba ndi sikelo ya digito, yaing'ono ija yowerenga mpaka 0.01. Kobili la siliva, denarius, nthawi ya mafumu Augustus ndi Tiberius linkalemera pafupifupi magalamu 3.9, kenako Nero mu 64 AD analichepetsa kufika cha m'ma 3.4 n'kuwonjezeramo kopa. Lagolide, aureus, linali cha m'ma 8, Nero yemweyo analitsitsa kufika 7.3, ndipo limodzi linkasintha ma denarius 25. Solidus, lagolide la mfumu Constantine, ndi 4.5. Kuperewera pang'ono si vuto poti zinthu izi zayenda m'manja mwa anthu ambiri, koma kupitirira chonchija ayi.

Kenako liyang'aneni m'mbali ndi galasi lokuza. Aroma ankachita kukhoma ndi hamala, ndiye lenileni silikhala lozungulira bwinobwino ngati K10 yathuyi. Mukaona kamzere kuzungulira m'mbali kapena timabowo ngati pa chitumbuwa, ameneyo anasungunula chitsulo n'kuthira mu chikombole. Likamata ku maginito musatayenso nthawi.

Pa mtengo ndi pomwe ambiri amasokonekera, amaganiza kuti chilichonse chakale ndi mamiliyoni. Za mfumu Septimius Severus zilipo mbwee ndipo woyamba kumene ayambire pamenepo, pomwe za Otho yemwe analamulira miyezi 3 yokha mu 69 AD ndi zosowa, mtengo wake ndi wina. Denarius ya Tiberius ija imadula chifukwa cha nkhani ya msonkho wa Kaisara mu Marko 12, osati kuti ndi yosowa kwenikweni, anthu amangoifuna. Werengani zilembo zozungulira mutu wa mfumu, COS ndi TR P (zidule za maudindo a mfumuyo) zikakhala ndi nambala zimakuuzani chaka, mukatero fufuzani pa OCRE, tsamba la pa intaneti la makobili a Aroma, ndi ulere, mupeze nambala yake ya mu RIC, mabuku a mndandanda wa makobili a mafumu a Aroma, ndiye muone kuti longa lomwelo linagulitsidwa zingati ku okushoni. Osatengera mtengo womwe munthu walemba pa Facebook.

Chonde osalikwecha! Kuno tinazolowera kuti chitsulo chikada timatenga phulusa ndi mchenga ngati poto, koma kuda kuja ogula amakukonda, mukakwecha mwadzidulira nokha mtengo.

Muno mu Blantyre ine ndimagula kunja basi, kwa ogulitsa opereka risiti ndi mbiri ya komwe kobililo lachokera, ngakhale nkhani ya madola mukuidziwa kale mmene ikuvutira. Risitiyo isungeni limodzi ndi kobili mu kaenvulopu ka pepala pouma, lililonse kakekake kuti asamakhulane.