Zakudya, mchere wa m'magazi ndi nkhani yofuna kusankha mwana wamwamuna kapena wamkazi

Alangizi a zaumoyo ndi anamwino a kusikelo amalandira funso ili kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri limafunsidwa motsitsa mawu anthu ena atabalalika: kodi chilipo chakudya chimene mayi angadye kuti abereke mwana wamwamuna kapena wamkazi? Wofunsayo amakhala mayi wa ana aakazi atatu kapena anayi amene akuchimuna ayamba kumunena, ngakhale kuti m'madera a chikamwini, kumene mudzi umakula ndi mbumba, aliponso amayi a anyamata okhaokha amene akulakalaka mtsikana. Masiku ano yankho limafika pa foni mlangizi asanafike, pakuti mauthenga a pa WhatsApp amati wofuna mnyamata achulukitse mchere ndi nthochi, ndipo wofuna mtsikana asiye mchere n'kumamwa mkaka wambiri.

Malangizo amenewa anayambira ku France m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, kumene katswiri wa sayansi Joseph Stolkowski ndi dokotala wa amayi François Papa ankaphunzitsa kuti zakudya zochuluka sodiyamu ndi potaziyamu zimabweretsa mwana wamwamuna, pamene zochuluka kashiamu ndi maginiziyamu zimabweretsa wamkazi; zinayi zonsezi ndi mitundu ya mchere wopezeka m'zakudya ndi m'thupi. Ganizo lawo linali lakuti mchere wa m'thupi ukasintha, dzira la mayi limalandira mbewu ya mtundu umodzi n'kukana inayo. Mu 2008 ofufuza a ku mayunivesite a Exeter ndi Oxford, atafunsa amayi 740 a ku Britain za kadyedwe kawo, anapeza kuti mwa amene ankadya kwambiri asanatenge pathupi, 56 pa 100 alionse anabereka anyamata, pamene mwa amene ankadya pang'ono anali 45 pa 100. Chaka chotsatira akatswiri a masamu anaunikanso ziwerengero zomwezo ndipo anati munthu akafunsa za zakudya zoposa 100 nthawi imodzi, china mwa izo chimaoneka ngati chili ndi mphamvu mwangozi chabe. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2010, amene anayeza mchere wa m'magazi a amayi ofuna atsikana, anayamba ndi mabanja 172, koma chiwerengero chimene chimafalitsidwa, chakuti 81 pa 100 alionse anabereka atsikana, chinachokera kwa amayi 32 okha. Umboni wochepa chotere si woti mlangizi n'kusinthira kadyedwe ka banja.

Chimene chili chotsimikizika n'chakuti dzira la mayi nthawi zonse limanyamula kromozomu (kachinthu kosaoneka ndi maso konyamula chibadwa cha munthu) ya X, pamene mbewu za bambo zimakhala za mitundu iwiri, zina za X ndi zina za Y. Mbewu ya X ikakumana ndi dzira mwana amakhala wamkazi, ya Y ikakumana nalo amakhala wamwamuna, ndipo nkhaniyi imatha pa tsiku lomwelo la kukumanako, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Padziko lonse pamabadwa anyamata pafupifupi 105 pa atsikana 100 alionse. Tanthauzo lake n'lakuti njira iliyonse, ngakhale yabodza, imaoneka yoona kwa theka la anthu amene aiyesa, ndipo amenewo ndiwo amakaitama pachitsime, pamene amene yawakanika amangokhala chete.

Mfundo yachiwiri ikukhudza magaziwo. Thupi la munthu wabwinobwino silola kuti mchere wa m'magazi uzikwera ndi kutsika potsata mbale ya nsima. Pa mlingo wa kuchipatala, sodiyamu amakhala pakati pa 135 ndi 145, potaziyamu pakati pa 3.5 ndi 5, ndipo impso zimagwira ntchito usana ndi usiku kuti malirewa asadumphidwe. Mayi akadya mchere wambiri amamva ludzu, amamwa madzi, ndipo impso zimataya wotsalawo mumkodzo. Akadya nthochi zisanu, potaziyamu wowonjezerayo amatuluka njira yomweyo. Kashiamu akachepa m'zakudya, thupi limakamutenga m'mafupa a mayiyo kuti wa m'magazi asatsike. Choncho wosala zakudya za kashiamu pofuna mnyamata amafooketsa mafupa ake popanda kusintha magazi, ndipo ngati zoyeza zasonyezadi kuti mchere wa m'magazi wachoka m'malire, chimenecho ndi chizindikiro cha matenda, monga a impso kapena kutsegula m'mimba kwambiri, chofunika dokotala.

Choopsa chachikulu chili pa mchere wa m'ndiwo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, amene ndi pafupifupi supuni ya tiyi imodzi. Taganizirani mphika wa nkhwani: wophika watapa mchere ndi zala, wathira soda kuti masamba afewe msanga, ndipo pa ndiwo ina waphwanyira kachidutswa ka zokometsera ka m'kapaketi, zonsezi zili ndi sodiyamu. Kuwonjezera dala pamenepa kwa miyezi iwiri kapena itatu kungakweze BP, ndipo mayi wotenga pathupi magazi akuthamanga kale amakhala pachiopsezo chachikulu cha vuto lija lotupitsa nkhope ndi manja, lopweteketsa mutu, limene likakula limakomoletsa mayi ngati wakhunyu. Chomvetsa chisoni n'chakuti njira yofunira mnyamata imaletsanso mkaka ndi zakudya zina za kashiamu, pamene kashiamu ndi amene amachepetsa vutoli, mwakuti WHO imalangiza magalamu 1.5 mpaka 2 a kashiamu patsiku kwa amayi oyembekezera a m'madera amene kashiamu ndi wochepa m'zakudya. Nayenso wosiyiratu mchere pofuna mtsikana amataya ayodini, amene ambiri a ife timamupeza mumchere wa m'mapaketi ndipo ndi wofunika pa kukula kwa ubongo wa mwana.

Mayi amene akukonzekera pathupi adye kuchokera m'magulu onse 6 a zakudya amene alangizi amaphunzitsa. Usipa, matemba ndi bonya zikadyedwa ndi minga yomwe zimapereka kashiamu wabwino pa mtengo wofikirika, ndipo bonongwe, chamwamba, soya ndi malambe zimawonjezerapo; nyemba, nsinjiro, mazira ndi nyama zimathandiza magazi. Mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi amwedwe monga anamwino anenera, ndipo foliki asidi ndi bwino kuyamba kumwa pathupi pasanaime, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika m'masiku 28 oyambirira. BP iyezedwe msanga, ndipo sikelo iyambidwe m'miyezi itatu yoyamba.

Mankhwala azitsamba kapena mapiritsi ogulitsidwa ponena kuti amatembenuza mwana ali m'mimba sangasinthe chimene chinatha pa tsiku loyamba, koma angathe kuvulaza ziwalo zimene zikuumbika kapena kuchititsa kuti mayi apite padera. Mlangizi akamva kuti mayi wapatsidwa zoterezi, ndi bwino apemphe kuti bambo abwere nawo kusikelo, ndipo ngati kungatheke afikirenso apongozi, pakuti kawirikawiri mayiyo amamwa chifukwa cha mawu a pakhomo. Bambo afotokozeredwe modekha, osati pagulu, kuti Y kapena X amachokera mumbewu yake, ndiponso kuti iyenso sangasankhe mbewu imene idzafike padzira. Banja lofuna kudziwa msanga kuti likonze zovala ndi dzina lingafunse pa nthawi ya sikani, imene kuyambira milungu 18 mpaka 20 imatha kuonetsa ngati ndi mnyamata kapena mtsikana mwana akagona bwino, ngakhale kuti nthawi zina woyezayo amaphonya.