MT-07, Z650, SV650 kapena Trident? Kasankhidwe ka naked yapakatikati

Akuluakulu amene mwatopa ndi ka 125 kapena ka 300 ndipo mukufuna kukwera pa njinga yamoto yooneka, funso limakhala lomwelomwelo, ndigule iti pakati pa ma naked a 650 mpaka 800cc awa. Naked ndi zija zopanda mapulasitiki otchinga, injini ili poyera, mahandulo okwera, umakhala mowongoka osachita kugonera thanki. Zachuluka heve masiku ano moti munthu mutu umaima, nde ambiri amangotenga foni nkuyamba kufananiza ma horsepower, ya nambala yaikulu ndiye basi yapambana. Ine ndimati ma horsepower muwaone pomalizira, chifukwa ngakhale yofooka pa gulu lonseli ikhoza kukuchititsani mantha pa giya yachiwiri. Yambani ndi mapepala, kenako injini, kenako thupi lanu, kenako amene azikukonzerani.

Za mapepala nzachidule. Ngati muli ku Joni kapena Cape Town mufunika Code A, ija ya A1 imathera pa 125cc. Ku UK nkhani yake njokhota pang'ono, laisensi ya A2 yomwe amapereka kuyambira zaka 19 imakulolani 35 kW basi, ndiye kuti pafupifupi 47 hp, ndipo njinga yoti aichepetse mphamvu isakhale yopitirira 70 kW pochokera ku fakitale. Nchifukwa chake mumaona njinga zina za gululi zikuthera cha mma 94 kapena 95 hp, si mwangozi ayi, makampani amachita dala kuti zilowe mu A2. Nde ngati muli pa A2 funsani kaye ngati imene mwaikondayo imatheka kuitsekera, musanayambe kulota nayo.

Tsopano injini, apa mpamene pagona nkhani.

Yamaha MT-07 inatuluka mu 2014, 689cc, masilinda awiri, cha mma 73 hp, ndipo chomwe chinaitchukitsa ndi crank yake, chitsulo chomwe mapisitoni amazunguza mu injini, ya madigiri 270 yomwe imachititsa kuti masilinda asaphulike motsatana bwinobwino, nde kulira kwake kumakhala kwa bububu kwinaku ikukoka mwamphamvu kuchokera pansi penipeni. Simufunika kuikweza ma rev kuti inyamuke, mungopotoza pang'ono yapita, ndipo mukaipotoza mwachipongwe pa giya wani tayala lakutsogolo limadzuka. Ndi yopepukanso, cha mma 184 kg ndi petulo womwe. Pomwe imakhumudwitsa ndi mashoki, makamaka za zaka zoyambirira isanafike 2018, ngofewa kwambiri moti munthu wa thupi akamanga buleki mwamphamvu kutsogolo kumamira, pakona ya mabampu imadumphadumpha. Ambiri amangosintha oyilo ndi masipuling'i a mafoloko nkukhala bho, koma ndalama imeneyo muiwerengeretu pa mtengo.

Kawasaki Z650 inabwera mu 2017 kulowa mmalo mwa ER-6n, 649cc, cha mma 68 hp. Iyi anthu amainyoza kuti ilibe moto, ndipo zoona kulira kwake sikosangalatsa ngati MT chifukwa crank yake ndi ya 180, komanso ukaithamangitsa kwambiri imanjenjemeretsa manja ndi mapazi pang'ono. Koma injini imeneyi yakhala ikuyenda kuyambira nthawi ya ER-6 cha mma 2006, ndi yomweyonso ili mu Ninja 650 ndi Versys 650, nde masipeyala ali mbwee ndipo makaniko aliyense wa njinga zazikulu anaitsegulapo. Kwa munthu wamfupi kapena amene akuchokera pa kanjinga kakang'ono ndi yosavuta kuzolowera kuposa zonse.

Suzuki SV650 ndiye gogo wa gululi, inayamba mu 1999, pakati apa anaisintha nkukhala Gladius kenako inabwereranso ndi dzina lake mu 2016. Ndi V-twin yeniyeni, masilinda awiri okhala ngati chilembo cha V, ya madigiri 90, 645cc, mphamvu zake zongofanana ndi MT-07 koma kakokedwe kake nkosalala, imakwera ma rev mokoma mpaka pamwamba. Ilibe zamakono zambiri, sikirini yake njachikale, njolemerako kufika cha mma 197 kg, koma mpando uli pansi komanso ndi yowonda pakati nde kulemerako sumakumva kwenikweni. Za 2016 kupita mtsogolo zili ndi kachinthu kokweza ma rev pang'ono ukamasiya kilatchi kuti isazime pa roboti, ophunzira amakayamikira. Ngati mukufuna kudziwa komwe mtima wanga uli, ndi apa.

Honda CB650R ndi ina ndithu, masilinda anayi, 649cc, cha mma 94 hp, inatuluka mu 2019. Papepala ikuoneka ngati ingameze zitatu ndatchulazi koma mphamvu zakezo zili kumwamba, pansi pa 6,000 rpm imakhala yaulemu zedi, nde mtauni pa maroboti MT-07 imaoneka yachangu kuposa iyo. Ukaikweza ndiye imakuwa bwino kwabasi, ndipo mapaipi anayi aja otsetsereka kutsogolo kwa injini amakongola, zimenezo sindingatsutse. Imapitirira 200 kg, imamwanso petulo kuposa za masilinda awiri, ndipo tsiku la sevisi yaikulu mapulagi ndi anayi mavavu 16. Kuyambira 2024 kuli ya E-Clutch yoti umatha kunyamuka ndi kusintha magiya osagwira kilatchi, kwa amene amakhala mu jamu tsiku ndi tsiku nzothandiza.

Triumph Trident 660 ya 2021 ili pakati, masilinda atatu, cha mma 80 hp, imakoka pansi ngati twin nkumakweranso ma rev bwino, traction control yoletsa tayala lakumbuyo kuterereka ukapotoza ndi ma mode osinthira kakokedwe anabwera nazo kuchokera pachiyambi, sevisi yake pa 16,000 km aliwonse. Njinga yabwino, vuto nloti komwe kulibe dila wa Triumph mudzalira.

Kenako pali zatsopano za 2023, Honda CB750 Hornet ya 755cc yomwe imafika cha mma 90 hp pa 190 kg, ndi Suzuki GSX-8S ya 776cc cha mma 82 hp yomwe imabwera kale ndi quickshifter, kachipangizo kosinthira magiya osagwira kilatchi ukuyenda. Zonse ziwiri zinatengera crank ya 270 ija. Hornet ndi yothamanga komanso yopepuka mmanja, 8S ndi yaitaliko, yolemerako, yokhazikika pakona. Ngati thumba likulola kugula yatsopano, ziwirizi nzimene mungayambe kuyesa. KTM 790 Duke pakona ndiye palibe yoifika, koma zoyambirira zija zinamveka kwambiri ndi vuto la camshaft kudyeka msanga, kampaniyonso inagwa mmavuto a ngongole kumapeto kwa 2024 mpaka Bajaj, omwe aja opanga Boxer, anachita kuthirapo ndalama mu 2025. Yakale ya KTM yopanda mbiri yonse ya sevisi musaiyandikire.

Kwa a ku Joni kumbukiraninso kuti muli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ngopepuka nde injini iliyonse imataya mphamvu ndithu poyerekeza ndi ku Durban. Za masilinda awiri zokoka pansi sizidandaulitsa kwambiri, ya masilinda anayi ndi imene mungaimve ulesi mukamanyamuka.

Mukasankha ziwiri kapena zitatu, pitani mukazikhalire. Manambala a mpando ndi awa, SV650 785 mm, Z650 790, Hornet 795, MT-07 ndi Trident 805, CB650R ndi 8S 810, koma nambala payokha imanama chifukwa mpando wotakata umakutangadzitsa miyendo nkupezeka kuti ukugunda pansi ndi zala zokha. Valani nsapato zomwe muzikwerera, khalanipo, ichotseni pa sitandi, ipendeketseni pang'ono kumanzere ndi kumanja mumve pomwe kulemera kukuyambira kukugonjetsani. Tembenuzani mahandulo mpaka kumapeto muone ngati chala chachikulu chikupanikizika pa thanki. Ikani mapazi onse pa mapegi wina atakugwirirani, mukhale choncho mphindi zisanu osati masekondi, mawondo ndi chiuno zikuuzani zokha. Anthu aatali amapanikizika pa Z650 ndi SV, ndipo ngati mayi akunyumba azikwera kumbuyo atengeni akakhalepo okha, timipando takumbuyo ta njinga zimenezi ntochepa ngati kansalu kopukutira thukuta, nde nkhani imeneyo ithere ku shopu konko osati kunyumba mutagula kale.

China chomwe ogulitsa sakuuzani ndi mphepo. Naked ilibe chokutchingirani, mpaka 110 km pa ola zili bwino, mukakhala pa 120 ola lathunthu pa N1 kapena N3 khosi ndi mapewa zimayamba kuwawa, nthawi yozizira ndiye musanene. Ngati maloto anu ndi oti Disembala muzinyamuka pa Joni kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza, ulendo wa makilomita opitirira 1,600, musagule naked. Injini zomwezi zilinso mu V-Strom 650, Versys 650 ndi Tracer 7 zomwe zili ndi galasi lotchinga mphepo, thanki yaikulu ndi poika katundu. Ma naked ambiri thanki ndi malita 14 kapena 15, mukamayenda mwaulemu mupeza makilomita oposa 20 pa lita, nde pofika 250 km maso amakhala ali pa filling station.

Ndalama sizithera pogula. Tayala lakumbuyo la MT-07, CB650R, Trident ndi 8S ndi 180/55-17 pomwe Z650, SV650 ndi Hornet zimavala 160/60-17 lomwe nthawi zambiri limatsikirako mtengo, ndipo matayala a njinga zotere satha zaka ngati a galimoto. Mavavu a MT-07 amawayang'ana patalipatali, cha mma 40,000 km, mfundo yaikulu imeneyo kwa munthu woyenda tsiku lililonse. Inshuwalansi funsani musanagule, makamaka a ku London komwe akuba njinga savutika nkomwe, mtengo ukhoza kusiyana kwambiri pakati pa njinga ziwiri zooneka zofanana, ndipo ngati mukutola SV yakalekale isanafike 2007 onani kaye za ULEZ, chindapusa cholipira poyendetsa injini zakale zowononga mpweya mu London.

Ambiri a ife tigula yakale pa Facebook Marketplace, Gumtree kapena AutoTrader, nde nazi zoyang'ana. Muuzeni mwiniwake asailize musanafike, mukafika gwirani injini ndi dzanja, ikakhala yofunda dziwani kuti pali chomwe akubisa pa kalizidwe ka mmawa. Pitani kumbuyo mugwire tcheni pa sprocket chakumbuyo kwenikweni nkuchikoka, chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino ndiye kuti chatha, ndipo mano akakhala osongoka nkupindikira mbali imodzi mugula zonse, tcheni ndi ma sprocket awiri. Mangani buleki yakutsogolo mukankhe mafoloko pansi kangapo kenako pitsani chala pa chitsulo chowalacho, mukapeza kamzere ka oyilo ndiye kuti ma seal apita. Onani nsonga za mahandulo, ma lever, mapegi ndi mbali ya ekizozi, kukalika pang'ono ndi njinga yomwe inangogwa itaima, palibe vuto, koma mizere yaitali yopita mbali imodzi ndiye kuti inakhwekhwereka pa tala ikuthamanga. Suzumirani pakhosi pa felemu pomwe pali tizitsulo toletsa mahandulo kupitirira, tikakhala tophwanyika kapena towotcherera ingotsanzikani. Pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa DOT, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019, tayala likhoza kukhala ndi mapanga ake onse koma litauma kale. Nambala ya felemu ifanane ndi ya pa pepala, ku South Africa chenjerani ndi za Code 3 zomwe zinamangidwanso pambuyo pa ngozi, ku UK onani V5C (pepala la kulembetsa), mbiri ya MOT (kuyeza njinga chaka ndi chaka) ndi HPI check (yoona ngati inabedwa, ili ndi ngongole kapena inachita ngozi yaikulu). ABS, ija yoletsa matayala kuloka ukamanga buleki mwamphamvu, isasowe, zakale zina zinkagulitsidwa zopanda.

Amene mukufuna kuitumiza kumudzi, ganizani kawiri. Kupatula police clearance ya SARPCCO yotsimikiza kuti si yobedwa, msonkho wa MRA ndi kulembetsa ku Road Traffic, funso ndi loti ikadwala aikonza ndani, chifukwa makaniko wa pa msika amene amamasula Lifo ndi King Lion maso ali chitsinzire sanaonepo fuel injection ya mtundu umenewu, ndipo tayala la 180 simulipeza pa shopu ya masipeyala a kabaza, muzichita kuitanitsa pa basi ya ku Joni. Apa ndiye za ku Japan za masilinda awiri, SV, Z650 ndi MT-07, zimapambana kutali, zamagetsi nzochepa ndipo zosefera oyilo ndi mabuleki sizivuta kuitanitsa, ngakhale MT-07 imavala tayala la 180 lija. Onaninso kutalika kwa mimba kuchokera pansi, Z650 ndi 130 mm, SV 135, MT-07 140, CB650R 150, pa mahampu ena a mma trading center a pa M1 muzidutsa chopingasa pang'onopang'ono apo ayi ekizozi ikhula. Marimu a 17 aja sagwirizana ndi maenje, dzenje limodzi lakuthwa rimu yapindika. Petulo wakwathu amasakaniza ndi ethanol, njinga izi zimayenda naye koma musaisiye miyezi itaima ndi thanki yatheka. Ikakhala bwinobwino ndiye makona a Golomoti kukwera ku Dedza kapena Chiweta mudzawakonda, bola maso pa mbuzi ndi mchenga wa mmakona.

Nde mwachindunji, woyamba kumene kapena wamfupi tengani Z650 kapena SV650 yakale ya ABS. Wofuna zosangalatsa mtauni MT-07, ndipo yesetsani ya 2018 kupita mtsogolo. Wokonda kulira kwa masilinda anayi ndipo petulo sakumuwerengera CB650R. Trident pokhapokha dila ali pafupi. Pa ndalama yomwe mwasunga chotsanipo kaye ya helimeti yotseka nkhope yonse, jekete la ma pad, magulovu, nsapato zobisa akakolo ndi loko wa disc, yotsalayo ndiye mupite nayo kukatsitsa mtengo.