Kuyenda pa Njinga Yamagetsi M'nkhalango za Makampani a Matabwa ku Oregon ndi Washington

Munthu amene wagula njinga yamagetsi ku Oregon kapena ku Washington, m'dziko la America, sachedwa kukopeka ndi misewu yamiyala yolowera m'nkhalango za mitengo ya matabwa. Yambiri mwa misewuyi imatsekedwa ndi geti lachitsulo lokhala ndi loko, ndipo pambali pake pamatsala mpata woti njinga n'kudutsa. Mpata umenewo si chilolezo, ndipo ndikupempha aliyense kuti asanatsitse njinga m'galimoto ayambe wadziwa mwini wa malowo ndi zimene iye amalola.

Choyamba ndi kudziwa gulu la njinga yanu. Ku America njingazi anazigawa patatu. Ya Class 1 imathandiza pokhapokha mukupalasa ndipo mota wake amaleka kukankha liwiro likafika makilomita 32 pa ola. Ya Class 2 imafikanso pa liwiro lomwelo, koma imatha kuyenda osapalasa, pongodina kapena kupotokola chapahandulo. Ya Class 3 imathandiza popalasa mpaka makilomita 45 pa ola. Nthawi zambiri gululi limalembedwa pa kapepala komatidwa pa felemu, pamodzi ndi mphamvu ya mota, imene pa lamulo la dziko lonse siyenera kufika mawati 750. Komabe magulu amenewa anakonzedwa poganizira misewu ya boma. Pa malo a kampani mwini wake ndi amene amagamula, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti chilichonse chokhala ndi mota ndi galimoto, ngakhale chitafanana bwanji ndi njinga wamba.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kampani ya Weyerhaeuser, imene inayamba mu 1900 ndipo likulu lake lili ku Seattle, imagulitsa ziphaso zolowera m'minda yake yambiri ya mitengo, ndipo chiphaso cha olowa ndi galimoto n'chosiyana ndi cha olowa wapansi kapena pa njinga. Makampani ena monga Green Diamond, Hampton, Stimson ndi Rayonier ali ndi malamulo awoawo, amene amatha kusiyana dera ndi dera komanso kusintha chaka ndi chaka. Werengani mapepala a chiphaso cha dera lenilenilo limene mukufuna kupitako, ndipo ngati njinga yamagetsi sinatchulidwe mwachindunji, lembani kalata ya pa imelo yofunsa, mutchule gulu la njinga yanu, ndipo yankholo mulisunge m'foni. Mawu apakamwa a mnzanu amene analowako chaka chatha sangakuthandizeni mukakumana ndi woyang'anira malo. Chikwangwani cha pageti chikanena zosiyana ndi zimene munawerenga kunyumba, mverani chikwangwanicho.

Vuto lina ndi la malire. Kumadzulo kwa Oregon malo a boma ndi a makampani anaphatikizana ngati bolodi ya drafuti, chifukwa cha malo amene boma linapereka mu 1866 kuti pamangidwe njanji ya Oregon and California Railroad, n'kudzawalandanso mu 1916. Chigawo chilichonse ndi mailosi imodzi m'litali ndi m'lifupi, choncho pa ulendo wa ola limodzi mutha kusintha eni malo kangapo popanda mpanda uliwonse wokudziwitsani. Ikani m'foni mapu osonyeza umwini wa malo, monga a onX, musananyamuke, pakuti netiweki imasowa m'zigwa zimenezi. Pa malo a US Forest Service, bungwe la boma loyang'anira nkhalango, njinga yamagetsi ya gulu lililonse imawerengedwa ngati galimoto, motero imaloledwa m'misewu ndi m'njira zokhazo zosonyezedwa pa mapu otchedwa Motor Vehicle Use Map. Msewu wa bungweli umene watsekedwa kwa magalimoto ndi wotsekedwanso kwa inu, ngakhale mnzanu wa njinga yopanda mota akudutsa mwaufulu. M'madera otetezedwa ndi lamulo la Wilderness Act la 1964 simulowa njinga ya mtundu uliwonse.

M'chilimwe, makamaka kuyambira July mpaka September, nkhani yaikulu ndi moto wolusa. Maboma a Oregon ndi Washington amalengeza kukula kwa chiopsezo cha moto pa ntchito za m'nkhalango ndi mulingo wa IFPL, kuyambira 1 mpaka 4, ndipo makampani amatha kutseka malo awo kwa alendo onse mwadzidzidzi, ngakhale kwa amene analipira chiphaso. Onani chilengezo cha tsiku lomwelo m'mawa musanatuluke. Kunena zoona sindiwaimba mlandu pa kukhwimitsa kumeneku, chifukwa mtengo wa Douglas fir umatenga zaka makumi anayi kapena kuposerapo kuti ufike podula, pamene moto umaumaliza masana amodzi. Batire imene yatupa, yang'aluka kapena yamenyetseka pansi musapite nayo kutchire, ndipo musagoneke njinga yotentha pa udzu wouma.

Mukalowa movomerezeka, kumbukirani kuti muli pa malo a ntchito. Lole yodzaza zipika imalemera matani oposa 35 ndipo siingaime msanga pa mtsetse wamiyala. Madalaivala amauzana pa wailesi ya CB pamene afika potchula manambala a mamailosi olembedwa m'mbali mwa msewu, koma inu wapanjinga palibe amene akukutchulani. Yendani kudzanja lamanja, chepetsani liwiro pa gulayi aliyense, chotsani zomvera m'makutu, ndipo mukangomva kulira kwa injini kapena kuona fumbi likukwera pamwamba pa mitengo, tsikani n'kukankhira njinga kunja kwa msewu mpaka fumbilo litatha, popeza kumbuyo kumatha kubwera lole ina. Kumene akudula mitengo musayandikireko n'komwe.

Galimoto yanu muiimike patali ndi geti kuti malole ndi ozimitsa moto adutse bwino, chifukwa yotseka njira amaikoka ndipo ndalama zake mumalipira ndinu. Geti limene mwalipeza lotsegula likhoza kukhomedwa madzulo ogwira ntchito akaweruka, choncho onetsetsani kuti njinga yanu, imene kawirikawiri imalemera makilogalamu oposa 20, mungathe kuitulutsa pambali nokha. M'nyengo yosaka nyama, miyezi ya October ndi November, valani chovala chowala cha mtundu wa lalanje, ndipo muuze wina kunyumba dzina la geti limene mwalowera ndi nthawi imene mukuyembekeza kutuluka.