Kupeputsa njinga ya liwiro ndi ndalama zochepa: malangizo kwa otchova a ku Chipata

Kuno ku Chipata njinga tinakula nayo. Akuluakulu amakumbukirabe njinga za Eagle zimene zinkapangidwa pafakitale ya Luangwa Industries m'tauni mwathu momwe muno, ndipo mpaka lero makala, matumba a chimanga ndi nkhuku zimafika pamsika wa Kapata zili pakaliyala. Njinga zimenezo anazipangira katundu, ndipo kulemera kwake ndiye mphamvu yake. Malangizo awa akunena za mtundu wina, njinga ya matayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi, imene achinyamata ena akugula yogwirapo kale ntchito n'kumathamanga nayo m'mamawa pamsewu wa Great East, kulowera ku Mwami kapena ku Katete. Mwini njinga yotere akangokwera nayo chitunda kawiri katatu amayamba kufunsa kuti angaipeputse bwanji, pomwe m'thumba mulibe zambiri.

Musanagule kanthu kalikonse, ikani njinga pasikelo. Sikelo ya mbedza imene ogula soya ndi mtedza amapachika pamtengo ndi yokwanira. Mangani chingwe pafelemu, kolekani, dikirani isiye kugwedezeka, lembani nambala m'kabuku. Njinga yakale yachitsulo nthawi zambiri imakhala pakati pa makilogalamu 11 ndi 14, ya aluminiyamu yotsika mtengo pakati pa 9 ndi 11. Bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, la UCI, sililola njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8 pampikisano, ndipo malire amenewa anaikidwa m'chaka cha 2000. Nambala imeneyo isakusowetseni tulo. Njinga zotero ndi za anthu amene ali ndi galimoto yowatsatira pambuyo itanyamula mawilo ena. Inu mukaphulitsa tayala kupitirira Mtenguleni muli nokha ndi pampu yanu.

Tiwerengereko pang'ono kuti mudziwe chimene mukugula. Tinene kuti inu mumalemera makilogalamu 65, njinga 12, madzi ndi zida 3. Zonse pamodzi ndi 80, ndipo miyendo yanu imakankha zonsezo. Mukachotsa kilogalamu imodzi mwachotsa gawo limodzi mwa magawo 80. Pachitunda chachikulu chimene mumakwera mphindi 20, phindu lake silipitirira masekondi 15. Pamalo athyathyathya phindulo limachepa kwambiri, chifukwa kumeneko mdani wamkulu ndi mphepo imene imakuwombani pachifuwa. Masekondi 15 si achabe kwa munthu wa mpikisano, koma sayenera kudya ndalama ya feteleza kapena ya sukulu ya mwana. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti tiyambe ndi makilogalamu aulere, amene amachoka ndi sipanala basi.

Njinga zambiri za salaula zimabwera zitavala zinthu za m'tauni za kumene zachokera: sitandi, madigadi achitsulo, kaliyala, basiketi, loko yomangirira pafelemu, nthawi zina ndi dayinamo yakale imene siyatsanso getsi. Masulani chimodzichimodzi, muziike m'thumba limodzi, kenako mukoleke thumbalo pasikelo. Si zachilendo kupeza kilogalamu ndi theka kapena ziwiri m'thumbamo. Musazitaye. Madigadi mudzawafuna mvula ikayamba mu Novembala, pamene matope ofiira a kuno amakwera mpaka kumsana ndi kulowa m'tcheni. Mabawuti ake asungeni m'kabotolo kuti asasowe. Ndipo ngati njinga yomweyo ndi imene mumapita nayo kuchigayo kapena kudimba, kaliyala msiyeni pomwepo. Njinga imodzi yogwira ntchito ziwiri iyenera kulemera pang'ono, palibe cholakwika.

Yang'ananinso zimene mumanyamula. Ena amayenda ndi sipanala yaikulu yosinthasintha, pulayazi, loko ya unyolo ndi machubu atatu, zonse m'chikwama cha kumsana. Paulendo wophunzitsa thupi mumangofuna chubu chimodzi, zigamba ndi guluu wake, zotsegulira tayala ziwiri, kapampu kakang'ono, ndi makiyi a Allen amene akugwirizana ndi mabawuti a njinga yanu. Madzi okha ndi amene sindilola kuti muchepetse. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, n'zoona, koma wotsikira ku Mfuwe mu Okutobala, kuchigwa kumene dzuwa limaotcha ngati ng'anjo, akapita ndi botolo limodzi kuti apepukidwe akudziika pangozi yeniyeni.

Tsopano tifike pogula. Pezani kamaginito, ngakhale kochokera m'sipika yakufa, ndipo mukayendetse panjinga yonse: pamahandulo, pachitsulo chonyamula chishalo, pamalimu, pamakilanki. Pamene kamamatira ndi chitsulo, pamene sikamamatira mwina ndi aluminiyamu. Aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo cha kukula komweko, ndipo ngakhale opanga amamukhuthalitsa kuti alimbe, chida chake chimapepukabe. Pamene maginito amamatira ndi pamene mungasinthe, pang'onopang'ono, mukapeza chida chabwino kwa okonza njinga amene amaphwasula njinga zakufa. Anthu amenewa muziwayendera kawirikawiri ndi kucheza nawo mwaulemu. Chida chabwino chikafika amasungira munthu amene amamudziwa.

Ndalama yoyamba ipite kumatayala ndi machubu, chifukwa zimenezi zimatha ndithu ndipo mudzagula zina ngakhale musafune. Tayala lotsika mtengo limakhala ndi waya wachitsulo m'mphepete mwake. Pali lina limene m'malo mwa waya muli ulusi wolimba wa Kevlar, ndipo limapindika n'kulowa m'kabokosi. Lotereli limapepuka ndi magalamu 50 mpaka 100 pa tayala limodzi, ndipo kawirikawiri mphira wake ndi wofewa bwino, kotero limayenda mopepuka pa tala. Phindu lachiwirili ndi limene mwendo umamva kwambiri kuposa magalamuwo. Chubu wamba cha njinga zimenezi chimalemera magalamu 100 kapena kupitirirapo pang'ono, chopyapyala cha mphira womwewo chimakhala pafupi ndi 70. Palinso machubu apulasitiki otchedwa TPU, a magalamu 30 kapena 40 okha. Amenewa muwaganizire kawiri. Guluu ndi zigamba wamba sizigwira pa iwo, kotero wokonza njinga wa m'mbali mwa msewu ku Chiparamba sangakuthandizeni, komanso ena mwa iwo sapirira kutentha kwa limu pamene mukugwira buleki nthawi yaitali potsetsereka.

Pa kukula kwa tayala ndipamene anthu ambiri amatayira ndalama, ndiye mvetserani bwino. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala awiri, monga 25-622. Yoyamba ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kukula kwa limu. Njinga za liwiro za masiku ano, zolembedwa 700C, ndi za 622. Zakale zambiri zolembedwa mainchesi 27 ndi za 630, ndipo njinga zathu zakuda za katundu za 28 x 1½ ndi za 635. Pamaso zimaoneka zofanana, koma tayala la 622 silingalowe palimu ya 630 ngakhale mutalimbana nalo tsiku lonse, ndipo la 630 palimu ya 622 limavuka mukangopopa. Ngati mukutuma munthu ku Lusaka kapena mukuitanitsa pa intaneti, jambulani manambalawo pafoni mumutumizire. Onaninso mtundu wa valavu, chifukwa bowo la limu la valavu yowonda ya Presta silikwana valavu yonenepa yonga ya galimoto.

Musathamangire tayala lowonda kwambiri poganiza kuti ndilo lachangu. M'misewu yathu, momwe tala amatha mwadzidzidzi n'kuyamba miyala, ndiponso m'mbali mwa msewu muli mchenga, minga ndi magalasi, tayala la mamilimita 28 limathandiza kuposa la 23 ngati felemu ili ndi malo. Limalemera pang'ono, inde, koma silidumphadumpha, ndipo limateteza limu mukagwera m'dzenje. Ngakhale akatswiri a mipikisano ya kunja anasiya kale matayala a 23, ambiri akuyendera 28 kapena kupitirira.

Chishalo ndi malo ena opezapo phindu msanga. Chachikulu cha masipuling'i chimatha kuyandikira kilogalamu, pomwe chowonda cha njinga ya liwiro chimakhala cha magalamu 250 mpaka 300. Koma chiyeseni kaye, chifukwa chishalo chopweteka chimakutsitsani panjinga musanafike kutali. Mapedulo olemera a mphira asintheni ndi aang'ono a aluminiyamu, ndipo pomasula kumbukirani kuti pedulo la kumanzere lili ndi mazinga otembenuka. Ambiri amawononga kilanki polikakamiza njira yolakwika. Chitsulo chonyamula chishalo chikakhala chachitali kwambiri mutha kuchidula, koma pafupifupi masentimita 10 atsale m'kati mwa felemu, ndipo mulembe chizindikiro chatsopano chosonyeza pothera kukweza.

Mawilo ndi nkhani ya ndalama zambiri, koma pali nthawi imodzi imene ndimati sinthani ndithu: ngati malimu ndi achitsulo chonyezimira. Amalemera, komanso mvula ikagwa mabuleki amangotsetsereka pa iwo osagwira. Malimu a aluminiyamu amathetsa mavuto onse awiri. Pogula ogwirapo kale ntchito, zungulitsani wilo muone ngati likupepeluka, gwirani m'mbali momwe buleki imakhudza kuti mumve ngati mwakumbika, ndipo yang'anani ming'alu pomwe masipoko amalowera. Sankhani la masipoko 32 kapena 36. Wilo la masipoko ochepa limakongola, koma sipoko imodzi ikaduka limapindika mpaka kukhula felemu, ndipo masipoko ake apadera simungawapeze msanga kuno.

Pali zinthu zimene ndikupemphani, abale anga, kuti musachite. Musaboole felemu, makilanki kapena mahandulo ndi chiboolero kuti muchotse magalamu. Otchova ena a ku Ulaya ankachita zimenezo m'zaka za m'ma 1970, ndipo bowo lililonse ndi poyambira mng'alu. Musachotse buleki imodzi. Musachotse zonyezimira ndi nyali, makamaka inu oyenda m'bandakucha pa Great East, msewu umene mumadutsa malole akuluakulu opita ku Malawi ndi mabasi a ku Lusaka. Kanyali kofiira kotchaja ndi chingwe cha foni n'kopepuka kwambiri. Chipewa choteteza mutu musachiwerengere n'komwe pa kulemera. Chenjeraninso ndi mahandulo kapena mafoloko a kaboni (ulusi wopepuka woumitsidwa ndi guluu wolimba) otsika mtengo modabwitsa, opanda dzina lodziwika. Chitsulo chimayamba chapindika n'kukuchenjezani, pomwe kaboni amatha kukhala ndi mng'alu wosaoneka n'kuthyoka kamodzi n'kamodzi, ndipo bawuti yake ikamangidwa mopitirira muyeso amaphwanyikira m'kati.

Nthawi zambiri njinga imene mwini wake akuti ikulemera imakhala kuti ikungokanika kuyenda chifukwa chosasamalidwa. Inyamuleni, zungulitsani wilo la kutsogolo, mumvetsere. Likaima msanga, mwina buleki ikukhudza limu, kapena habu ya pakati pa wilo yamangidwa kwambiri, kapena gilizi anauma. Fumbi la m'chilimwe likasakanikirana ndi oyilo wakuda wa injini, amene ambiri amathira patcheni, limasanduka phala lonola limene limadya tcheni ndi mano a magiya. Tsukani tcheni ndi palafini ndi kamswachi kakale, chiume, donthezani oyilo wopepuka pa mfundo iliyonse, kenako pukutani ndi nsanza mpaka kunja kuume. Mpweya wa m'matayala muziuyesa musananyamuke ulendo uliwonse, chifukwa matayala owonda amaphwa pang'onopang'ono ngakhale alibe bowo. Musapitirire nambala ya mpweya yolembedwa pambali pa tayala, ndipo pamsewu wa mabampu tayala louma gwa limakuchedwetsani m'malo mokufulumizitsani.

Mukasintha chinthu chimodzi, kolekaninso njinga pasikelo yomwe ija, lembani nambala ndi ndalama imene mwawononga, ndipo mukwere chitunda chimene mumachidziwa mukuyang'ana wotchi. Mukafika pamene magalamu 100 otsatira akufuna ndalama yoposa ya matayala awiri abwino, lekerani pomwepo, ndalamayo muisungire tcheni chatsopano ndi mphira wa mabuleki mvula isanayambe.