Momwe mungajambulire filimu yosiya woonera mtima uli dyokodyoko

Filimu za psychological thriller, zomwe ndi filimu zoopsa zosewera ndi maganizo a munthu, sizidalira magazi kapena mizukwa. Woonera amachita nthumanzi chifukwa akudziwa kuti pali chimene chalakwika koma sakuchiona. Ntchito yanu ndi kumubisira chinthucho mwaluso.

Yambani ndi malo. Musasankhe nyumba yooneka yoopsa kale, chifukwa woonera amadziwiratu zoti achenjere. Tengani nyumba wamba, kenako musinthe kanthu kamodzi: chitseko chimene chinali chotseka poyamba chipezeke chatseguka pang'ono, ndipo pasakhale wochitchula. Makonde aatali, masitepe ndi magalasi odziyang'anira amathandiza, popeza amabisa mbali ina ya chipinda.

Chachiwiri ndi kuwala. Nyali imodzi yochokera m'mbali ndi yokwanira, theka la nkhope likhale mu mthunzi. Musadetse mpaka maso a wosewerayo kusowa.

Tsopano kamera, pomwe pagona nkhani. Ikani wosewera chakumbali kwa chithunzi, kumbuyo kwake musiye mpata waukulu wopanda kanthu. Maso a woonera amathamangira mu mpatamo kukafuna choopsa, ngakhale mulibe. Mukafuna kuonetsa kuti munthu akuzondedwa, mujambuleni muli patali, kudzera pazenera kapena pampata wa chitseko. Mukafuna kulowa m'maganizo mwake, sendezani kamera kunkhope yake pang'onopang'ono, moti woonera azingozindikira yafika kale pafupi. Steadicam, chipangizo chonyamulira kamera chimene anapanga Garrett Brown m'zaka za m'ma 1970, imathandiza kutsatira munthu kumbuyo popanda kugwedera, ndipo gimbal, kachipangizo kogwirira foni pojambula, imachitanso zofananako.

Palinso dolly zoom, imene inatchuka ndi wopanga mafilimu Alfred Hitchcock mu 1958: kamera imabwerera m'mbuyo kwinaku lenzi ikukokera chithunzi pafupi, munthu n'kukhala msinkhu womwewo pamene zakumbuyo kwake zikusintha. Imabweretsa chizungulire. Kwa ine, kamodzi pa filimu yonse n'kokwanira, ngati mmenenso zilili ndi kupendeketsa kamera. Zikachuluka, anthu amayamba kuonera luso lanu m'malo mwa nkhaniyo.

Pomaliza, polumikiza zithunzi musadule msanga. Wosewera akatuluka m'chipinda, siyani kamera pa chipinda chopanda munthucho kwa masekondi angapo, nyimbo muzimitse, pangomveka kulira kwa firiji kapena kudontha kwa mpopi. Kenako filimuyo muionetse kwa munthu amene sakudziwa nkhaniyo, ndipo muziyang'ana nkhope yake. Pamene wayamba kuyang'ana kwina, ndi pomwe mwatalikitsa, dulani pamenepo.