Kakonzedwe ka daiquiri kuchigwa chotentha cha Shire

Daiquiri ndi chakumwa cha ku Cuba chomwe chimalira ramu yoyera, mandimu, shuga ndi ayisi basi. Dzinali ndi la mudzi wa Daiquirí, pafupi ndi mzinda wa Santiago de Cuba, komwe kudali migodi ya chitsulo, ndipo mbiri yodziwika imati Jennings Cox, katswiri wa zamigodi wochokera ku America, ndiye adayamba kukonzera alendo ake chakumwachi kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Ramu yambiri amaitcheza kuchokera ku molasesi, madzi akuda aja otsala popanga shuga, omwe fungo lake si lachilendo kwa anthu a ku Nchalo.

Musanayambe, ikani tambula mufiriji, pakuti m'mwezi wa Okutobala, pomwe kutentha kwa ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumapyola madigiri 40, tambula yofunda imapha chakumwachi musanachilawe n'komwe.

Sankhani mandimu aang'ono obiriwira, a khungu lopyapyala, ndipo muwafinye nthawi yomweyo mpaka madzi ake akwane mamililita 20, omwe ndi masipuni anayi a tiyi. Thirani madziwo m'botolo la kukamwa kwakukulu, onjezani masipuni awiri a shuga, kenako takasani mpaka pansi pasamvekenso timiyala. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa. Shuga sasungunuka msanga m'mowa kapena m'zozizira, choncho mukathamangira kuthira ramu, shugayo amakhala pansi ndipo chakumwa chimatuluka chowawasa. Ngati shuga wanu ndi wokhakhala, yambani mwamusinja.

Tsopano thirani mamililita 60 a ramu, dzazani botolo ndi ayisi wouma gwa, wopangidwa ndi madzi otetezedwa, vindikirani zolimba, ndipo khutchumulani mwamphamvu kwa masekondi 15, kufikira botolo litazizira m'manja. Ayisi yemwe wayamba kale kusungunuka magetsi atazima musamugwiritse ntchito, chifukwa amangosukulutsa mowa. Dutsitsani chakumwacho pa sefa ya tiyi pochithira m'tambula ija, osaikamonso ayisi.

Ena amafuna kuika kachasu m'malo mwa ramu, koma ine sindivomereza, chifukwa mphamvu ya kachasu imasiyana botolo ndi botolo ndipo fungo lake limakwirira la mandimu. Dziwaninso kuti kuzuna ndi kuzizira kumabisa ukali wa mowawu, choncho ndi wa akuluakulu okha, ndipo tambula imodzi imwedwe mutadya, madzi akumwa ali pambali.